Madzi Opanda Matemba

Komboni ya kumunsi,
pa mgodi, kufupi ndi Kwekwe,
Lamulungu masana.

Dorika mwana wanga,

Azimayi a kumpingo akutsekera m'nyumba chiyambire m'mawa, ndipo kuseka kwawo ndikukumva ndili panja pano. Akukulangiza za banja, za apongozi, za kaphikidwe. Zimenezo n'zawo, ine sindilowako. Ine ndabwereka cholembera kwa a mabalane, kalaliki wa komboni, ndakhala pa chitini cha palafini kuseri kwa khitchini, ndipo zanga ndi za madzi akumwa basi. Pakamwa sindingathe. Umandidziwa iwe, ndikayamba kulankhula nawe zinthu zolemera ndimathera kukalipa za nkhuku.

Kukanakhala kwathu, amuna ako a Jailosi akanabwera kudzamanga pakhomo pathu, iwe n'kumatunga pachitsime chimene anatungapo amayi ako. Koma kuno ku Halale mwini mbumba ndi mgodi, mkazi amatsata kumene kuli tikiti ya ntchito ya mwamuna. Mawa ukwera sitima ya ku Gwelu, upitirire ku Shabani, kenako lole mpaka ku kamgodi kawo ka golide kutchireko. Mpopi kulibe kumeneko. Dzulo ndinawafunsa a Jailosi kumene mumatunga, iwo n'kuyankha akumwetulira kuti, "Ababa, musade nkhawa. Kamtsinje kathu kali pafupi, kumunsi kwa chigayo cha miyala. Madzi ake ndi oyera mbee, mumaona mchenga pansi. Mulibe ndere, mulibe chule, mulibe ngakhale kansomba kamodzi." Azakhali ako a kumpingo anaomba m'manja, ati mwana wathu wapeza pabwino. Ine ndinatula kapu ya tiyi pansi, sindinamwenso.

Mwana wanga, madzi amene akuwatama amuna akowo ndimawadziwa. Ndinawaonapo, ndipo anandilanda Marita, mng'ono wako. Pa imfa ya Marita pali mawu amene ndakubisira zaka khumi ndi ziwiri. Ndiwalemba m'kalata muno, koma undilole ndiyambire kumtunda, chifukwa ndinalakwa kangapo ndisanafike pa tsiku lija. Uwerenge zonse, usadumphe.

Ine ndinakulira m'mbali mwa Linthipe. Atsibweni anga anali otchera miono, ndipo ndisanadziwe A kusukulu ya mishoni ndinali nditadziwa kale kusiyanitsa ningwi ndi mphuta pongoona mmene madzi akugwedezekera. Msonkho utatipana, ndinayenda wapansi ndi anzanga kudzera ku Tete, chimfine chachikulu chija chitangotha kumene, mpaka kudzagwa pa mgodi uno. Amayi ako ananditsatira patapita zaka ziwiri. Phoso la pakomboni ukulidziwa, silinasinthe: ufa, nyemba zofumbwa, ndi kanyama kamene ungakulunge m'tsamba limodzi. Munthu wa ku Nyasalande ukam'mana nsomba amadwala mutu. Ndiye Lamulungu loyamba lomwe ndinatsetsereka kukaona mtsinje wa kuseri kwa komboni, uja munkaletsedwa kupitako inu ana.

Iwe unauona utafa kale, sungakhulupirire. Nthawi imeneyo ukaponda m'madzi, matemba ankakuzinga miyendo n'kumakujompha m'zala. Pa timathithi panali ningwi zonyambita miyala. M'dziwe la pa bango munali makumba ndi zisa zawo pamchenga, mphuta, nkholokolo zolira ukazigwira, ndi milamba pansi pamatope. Mono umodzi unkatuluka ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, zazikulu ndi tiana tomwe. Nkhanu zinali pansi pa mwala uliwonse, akakowa ali ndandanda m'mphepete. Madzi ake sanali oyera ayi, anali obiriwirako, onunkhira bango. Tinkamwa ndi manja. Ndinaluka miono itatu, ndipo pasanathe chaka komboni yonse inkanditchula kuti Yohane wa nsomba. Dzinalo linandikoma, mwana wanga, linandikoma kupitirira muyeso.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuyang'ana kulemera kwa mono m'malo moyang'ana mitundu. Iwe uli wakhanda, azungu anamanga matanki a sayinadi, mankhwala aja osungunula golide mumchenga wa miyala yopera. Zotsala zake, matope otuwa aja, ankazithira m'damu limene analimanga pamwamba pa khwawa lotsikira mumtsinje. Ine anandichotsa pansi pa mgodi n'kundiika pa gulu losamala khoma la damulo, ndipo ndinasangalala kuti ndaona dzuwa. Chilimwe chotsatira matemba anachepa. Chinacho ndinaponda m'madzi, palibe chondijompha. Ningwi nazo zinachoka pa mathithi. Koma milamba, ha! Inali mbwee, mono wolemera kuusenza awiri. Amayi ako anafunsa kuti, "Nanga timatemba tija tapita kuti? Ana akufuna tokazinga." Ine ndinati, "Mkazi iwe, ndikukubweretsera mlamba wonga ntchafu, ukulirira tinthu ta m'mano?"

Tamvera, Dorika. Nsomba sizichoka pamodzi. Zimayamba kuchoka zazing'ono ndi za m'madzi othamanga, matemba ndi ningwi, chifukwa izo sizipirira. Kenako tiana ta makumba timasowa, kumangogwidwa akuluakulu okhaokha. Mlamba umatsala pomalizira, poti uwo umapuma mpweya wa kunja, umatha kukhala ngakhale m'thope la m'khola. Munthu akakuuza kuti madzi athu ndi abwino, taonani milamba, um'funse kuti nanga matemba ali kuti. Usaiwale, uyambe kufunsa za tating'ono.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kunyoza munthu amene anandichenjeza. Kutsidya kunkabwera mkulu wina wachikaranga, VaMoyo, kudzamwetsa ng'ombe zake. Tsiku lina anandipeza ndikuvuula mono, naima ndi ndodo yake, nati, "Iwe muNyasarandi, mombe dzangu dziri kuramba mvura iyi." Ndiko kuti ng'ombe zake zikukana madziwo. Ndinayang'anadi, ng'ombe zikufika pamadzi, kununkhiza, kupukusa mitu n'kubwerera ndi ludzu lawo. Ukudziwa chimene ndinam'yankha? Ndinati, "Achimwene, inu za mtsinje mungandiphunzitse ine? Inu nsomba mumagwira ndi zala ziwiri ngati njoka." Anzanga anaseka mpaka kugwira mimba. Mkuluyo sanakwiye. Anangokusa ng'ombe zake, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda nazo mtunda wautali kukamwetsa kumtunda kwa khwawa la damu. Ine ndinatsala ndi nzeru zanga za ku Linthipe. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa safunsa, poti ndinauzidwa osafunsa n'komwe, n'kudyabe.

Choncho ukafika kumeneko usadzitsekere m'komboni ndi anthu akwathu okhaokha. Ife alendo timadziwa mtsinje wa zaka zitatu, eni dziko amaudziwa kuchokera kwa makolo awo. Chishona umachitha kuposa ine. Upite kwa azimayi a m'midzi yapafupi, uwapatse moni mwaulemu, uwafunse kumene iwo amatunga ndi kumene anasiya kutunga. Uonenso kumene mbuzi zawo zimamwa. Ngati iwo amayenda mtunda kusiya madzi apafupi, si kuti amakonda kuyenda.

Kulakwa kwachitatu ndimachita nako manyazi ngakhale kukulemba. Milamba ija inayamba kutuluka ndi zilonda m'mbali, ina yokhota msana, ina maso otuwa ngati a nkhalamba. Ukatsegula makha, mopumira muja, m'malo mofiira piriwiri munali motumbuluka, motelera. Ndinadziwa kuti nsombazo zikudwala, mwana wa pa Linthipe sangalephere kudziwa zimenezo. Ndinkadula pachilondapo ndi mpeni, n'kuwamba pamoto mpaka kuda, kuti amayi ako asaone. Mumtima ndinkati moto umapha zonse. Pamenepo n'kuti atandikweza kukhala kapitao wa khoma la damu, ndipo ndinkaona ndi maso anga timadzi totuwa tikuchucha pansi pa khoma kutsata khwawa, njiwa zakufa zili m'mphepete. Kamodzi kokha ndinalimba mtima. Ndinavula chipewa kwa mzungu wa matanki n'kumuuza kuti khoma likudontha ndipo nsomba zikufa. Anandiyang'ana ngati ndam'ponda phazi, nati, "Tula wena! Lo manzi yena mushe. Ikona indaba ka wena." Khala chete, madzi ali bwino, si nkhani yako. Ndinati yebo, nkosi, inde bwana, n'kuvala chipewa changa. Kunyumba sindinanene kanthu.

Tsono kuti umvetse za tsiku lija, ndikuuze za katupe, poti iwe wobadwira kuno sunamuonepo. Kwathu dzuwa likakula, mitsinje itadukaduka n'kutsala maiwe okha, anthu amasinja katupe n'kumuthira m'dziwe. Nsomba zimaledzera, zimabwera pamwamba zikuzungulira, ndipo mudzi wonse umalowa m'madzi ndi madengu ndi malichero, nthungululu zili pakamwa. Nsomba zimenezo zimadyedwa, ungochotsa matumbo. Mwana akameza madziwo amangotsegula m'mimba tsiku limodzi. Limakhala tsiku la chikondwerero, ndipo munthu aliyense wakwathu akaona nsomba zikuyandama, mtima wake umathamangira kumeneko. Koma katupe ali ndi malire ake. Achule amadumphira kumtunda ali moyo, nkhanu zimakwera pamiyala, mlamba umazama m'thope osafa. Ndipo palibe wamisala amene amathira katupe m'madzi oyenda a mvula, poti amangokokoloka.

Mvula yoyamba ya chaka chimene tinataya Marita inagwa Loweruka, yamphamvu. Tisanaweruke ndinaona mng'alu pakhoma la damu, woti dzanja n'kulowa. Wezulo inalira, mzungu anali atapita kale ku tauni, ine ndinati tidzatseka Lolemba. Lamulungu m'mawa, belu la tchalitchi lisanalire, tinamva nthungululu kumtsinje. Azimayi akuthamanga ndi madengu, ana ndi mbale, amuna atapinda makabudula. Wina akufuula kuti, "Katupe! Katupe! Anzathu akumtunda athira katupe!" Miyezi itatu tinali tikudya nyemba zokhazokha, nkhuli itatigwira pakhosi. Amayi ako anatenga lichero, nakuuza iwe kuti ugwire Marita dzanja. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Marita zitatu. Tinatsetsereka tonse.

Mtsinje unali mbuu ndi mimba za nsomba, kuchokera pa khwawa mpaka pokhotera. Sindinkadziwa kuti munatsala nsomba zambiri chotero, zina zinakokoloka kuchokera kumaiwe akumtunda n'kudzafera pamenepo. Anthu anali ataima m'mphepete, ena atalowa kale. Mayi wina wachikulire, wa ku Mangoche, anati, "Taimani, afika a Yohane wa nsomba. A Yohane, tatiuzani, ndi katupe ameneyu? Titole?" Onse anatembenukira kwa ine. Dorika, ndinaona zonse. Ndinaona achule ali chagada, miyendo tambalale. Ndinaona nkhanu zakufa pamchenga, milamba ikuluikulu itauma gwa, kakowa mmodzi atagwa chamutu m'bango. Nsomba sizinkazungulira ngati zoledzera, zinali zitafa. Ndinamva fungo ngati la chinangwa chowawa chovikidwa, fungo limene linkakhala m'malaya anga a kuntchito masiku onse. Ndinadziwa kuti khoma lagumuka.

Ndikananena, mawuwo akanafika ku ofesi dzuwa lisanafike pamutu, kuti kapitao wa damu wauza komboni kuti mgodi wathira poizoni mumtsinje. Akanafunsa kuti mng'aluwo anauona ndani. Ukapitao ukanatha, nyumba akanatilanda, mwinanso kundimanga. Ndipo anthu onsewo ankandiyang'ana ndi njala m'maso, madengu ali m'manja. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga nthawi yochepa ngati kumeza malovu. Ndinadzinamiza kuti madzi akuyenda, mankhwala apita kale, nsomba tikaziwamba. Ndinati, "Ndi katupe ameneyu. Tolani." Mawu ake ndi amenewo, sindinawaiwale ngakhale limodzi. Anthu anagwera m'madzi ndi chimwemwe, inenso ndinalowa, kuti aone kuti sindikuopa.

Iwe unakhala pamwala ndi Marita monga anakuuzira. Dzuwa la mvula itagwa limaotcha, mwana anayamba kulira ludzu. Unali ndi kachitini ka jamu kamene munkaseweretsa. Unaitana amayi ako, iwo ali kutali m'madzi osamva. Unaitana ine, "Ababa, Marita akufuna madzi!" Ndinamva, mwana wanga. Ndinatembenuka n'kukuona utanyamula kachitiniko. Anthu anali pambali panga. Ndikanati usam'patse amenewo, akanafunsa chifukwa. Ndinayang'ana kumbali, ndinawerama ngati ndikutola nsomba. Iwe unatunga pa kadziwe ka m'mphepete, pamene madzi anali atadekha, oyera, ukuti ukusankhira mng'ono wako abwino. Anamwa kachitini konse, unam'tungiranso.

Pasanapite nthawi azimayi ena anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, kutuluka m'madzi akudzandira. Galu wa a mabalane anagwa pamchenga akuphupha. Kenako tinamva kukuwa kwako. Ndinam'peza Marita akupuma mothamanga, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Ndinam'nyamula kuthamangira ku chipatala cha komboni, koma anandifera m'manja tisanafike pa sitolo. Kalanga ine, anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Amayi ako atafika anagwa pansi, atadzuka anakugwira iwe m'mapewa n'kukugwedeza, akukuwa kuti, "Wam'mwetsa chiyani mwana wanga? Wam'mwetsa chiyani?" Anakumenya khofi pamaso pa anthu. Iwe sunalire, unangogwira kachitini kaja. Ine ndinali pomwepo, mtembo uli m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Masana apolisi a komboni anayenda nyumba ndi nyumba kulanda nsomba zonse n'kukazikwirira. Lolemba tinatseka khoma, ine ndikulamula gulu. Pa pepala la chipatala analemba kuti mwana wafa ndi malungo. Palibe amene anandifunsa kanthu. Anthu ankati a Yohane nawo ananamizika, taonani ataya mwana wawo yemwe, ndipo ankandipepesa. Ine ndinkalandira mapepesowo. Amayi ako anakupepesa pambuyo pake, ndikudziwa, koma mawu aja anali atalowa kale. Iwo anamwalira patapita zaka zinayi osadziwa zimene ndalemba panozi. Patapita milungu ingapo Marita ataikidwa, ndinapita ndekha kumtsinje. Madzi anali atayera mbee, mchenga ukuoneka pansi, mulibe ndere, mulibe mbululu, mulibe kanthu kalikonse koyenda. Sindinaonepo madzi okongola ngati amenewo. Miono yanga ndinaitentha tsiku lomwelo.

Akulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu kuno zinatembenuka, anadya wamkulu, n'kupota ana awiri. Mmodzi tinamuika kumanda a kuseri kwa njanji. Winayo ndiwe. Ukuganiza kuti sindinkaona? Zaka zonsezi mwana wa pakomboni akabwera pakhomo kupempha madzi, iwe umaitana munthu wina kuti am'patse, kapena umanamizira kuti manja ako ali ndi ufa. Tsiku lina mwana wa a Nasimango, oyandikana nafe nyumba, anakukakamira, unam'tungira mumtsuko, ndipo chikho chinkagwedezeka m'dzanja lako mpaka madzi kutayikira pansi. Ndinaona ndili pakhonde. Ndinadzuka n'kupita kukamwa mowa.

Tsono mvera zimene uchite, ndipo uchite ngakhale akuseke. Milungu iwiri yapitayi, podziwa kuti ukupita ku mgodi wa golide, ndaluka mono wawung'ono, woyamba chitenthere miono ija. Zala zaiwala, ndi wokhota pakamwa, koma ugwira ntchito. Ndaumangirira pa mtolo wa mphasa yako. Ukafika, usanatunge ngakhale a tiyi, ufunse kumene eni dziko amatunga madzi. Kenako utchere monowo pamalo amene azimayi a komboni amatunga, pakamwa pake kuyang'ana kumunsi, muli madeya okazinga pang'ono, ukanikize ndi miyala. M'mawa ukauone. Uchite choncho masiku atatu. Usawerenge kuchuluka, uwerenge mitundu. Ukapeza matemba ndi tiana ta nsomba zina, mitundu itatu kapena inayi, ndiye kuti madziwo ali moyo. Utsegule makha uone ngati ali ofiira, uyang'ane khungu ndi msana. Ukapeza milamba yokhayokha, uwakayikire madziwo. Ukapeza mono uli wopanda kanthu masiku onse atatu, madzi amenewo usamwe, usaphikire, usasambitsire mwana.

Ukatero upite kumtunda, kupitirira chigayo cha miyala ndi matanki ndi khwawa lililonse lochokera kumgodi, ukatcherenso kumeneko. Pamene mono wayamba kugwira tating'ono, pamenepo ndiye pamadzi pako, ngakhale patalike bwanji. Uvundukulenso miyala uone ngati pansi pali nkhanu ndi tizilombo. Kuwiritsa kumathandiza pa matenda a m'mimba, koma pa mankhwala a mgodi usadalire moto, ine ndinayesa kale nzeru imeneyo. Ndipo mvula yoyamba ikagwa, masiku amenewo usayandikire kumunsi kwa mgodi, ngakhale unapezako nsomba dzulo lake. Ukadzaona nsomba zikuyandama, anthu akwathu akuimba nthungululu, uyambe wayang'ana achule. Ndabwereza, Dorika, uyang'ane achule.

A Jailosi ndi munthu wabwino, ndawaona mmene amakuyang'anira. Sakunama, akungoona ndi maso a munthu wobadwira m'komboni, amene amayesa madzi oyera ndiwo abwino. Mwina adzachita manyazi kuti mkazi wawo watsopano akutchera mono ngati mwamuna, akuyenda mtunda ndi ndowa kusiya mtsinje pakhomo. Azimayi anzako adzati wodzikuza, mwana wa kapitao. Uwasiye alankhule. Amuna ako uwauze mofatsa, muli awiri, ndipo ngati sakumva uwawerengere kalata ino yonse, osasiya ndime ya ine. Aone chimene mwamuna amasanduka akaopa mzungu ndi kuseka kwa anzake kuposa ludzu la mwana wake. Ndipo chimene wachiona mu mono usachisunge m'nyumba mwako mokha. Uuze mayi wa khomo loyandikana nalo, iye akauze wina. Zikavuta kwenikweni, iwo akakana ndipo madzi ena kulibe, ukwere lole ubwere. Anthu adzati banja lam'kanika, ine ndidzawayankha.

Tsopano mawu amene ndinayenera kunena pamchenga paja, pamaso pa amayi ako ndi komboni yonse. Iwe sunaphe Marita. Unali mwana, mng'ono wako analira ludzu, unafunsa bambo ako, bambo ako anamva nayang'ana kumbali. Unasankha madzi oyera chifukwa unkam'konda. Amene anadziwa ndi ine, amene ananama ndi ine, ndipo amene anakusiya usenze mtembo umenewu kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi ine ndemwe. Chaka chilichonse ndinkati ndikuuza ukakulako, ndipo chaka chilichonse ndinkaopa nkhope yako. Mulungu akakupatsa ana, adzalira ludzu ngati ana onse, ndipo sipadzakhala wina womuitana. Udzawatungire wekha, mwana wanga, pa madzi amene wawayesa, ndipo dzanja lako lisadzanjenjemere.

Sindikupempha kuti undikhululukire, ndilibe pakamwa popemphera. Ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa bokosi lako kuti ukaipeze uli kutali, koma kumeneko kukanakhala kuyang'ananso kumbali. Ndikupatsa m'manja lero lomwe, azimayiwo akangotuluka. Mawa pa siteshoni anthu adzayembekeza kuti ugwade, undigwire dzanja, utsanzike monga mwana amachitira. Ngati miyendo yako ikana, usagwade. Akafunsa chifukwa chake, usavutike kuyankha, ndidzawauza ndekha pomwepo.

Upite bwino, mama.

Ndine bambo ako,
Yohane